Giyabokosi Yopanda P



Inu amene mumayendetsa galimoto zochokera ku Japan, mukayang'ana pambali pa ndodo ya giya mumaona zilembo zinayi zondondozana: P, R, N, D. Dzanja lidazolowera kale, maso sayang'anakonso. Ndipo m'magalaja ndi m'malo oyimika galimoto simusowa munthu wonena kuti otomatiki si galimoto ya dalaivala weniweni, ndi ya alesi, imadziyendetsa yokha. Lero tikwere galimoto imene ingamutulutse thukuta munthu wolankhula choteroyo. Ndi Oldsmobile 88 ya chaka cha 1950, yopangidwa ndi kampani ya General Motors ku America, ndipo giyabokosi yake ndi Hydra-Matic, otomatiki yoyamba kugulitsidwa mwaunyinji padziko lonse. Zilembo zake ndi izi: N, Dr, Lo, R. Mvetserani bwino. P palibe, ndipo R ali kumapeto kwenikweni.

Tsegulani chitseko cholemeracho mukhale kumanzere, poti kuno ndi ku America. Mpando ndi benchi limodzi lalitali lokwana anthu atatu, lamba wa pampando mulibe. Chiwongolero n'chachikulu, chopyapyala, ndipo kukulako si kukongoletsa ayi. Galimotoyi ilibe makina othandiza kukhotetsa, choncho mphamvu yotembenuza matayala akutsogolo, amene asenza injini ya V8 ya malita asanu, ichokera m'mapewa mwanu. Ndodo ya giya ili pakhosi pa chiwongolero, kudzanja lamanja. Pansi pali zopondera ziwiri basi. Ngati phazi lanu lamanzere lidakulira pa klatchi, lipindeni libwerere kumpando, chifukwa likaiwala n'kuponda buleki mmene limapondera klatchi, amene mwawatengawo akagunditsa chipumi pa dashibodi.

Ndodo ikhale pa N, apo ayi sitata salira. Magetsi a galimotoyi ndi a mavoti 6, theka la amene mudazolowera, ndiye sitata amazungulira mwaulesi mpaka mtima kuyamba kukayika ngati batire lili ndi moto. Lili nawo, ndi mmene amalirira. Injini ikadzuka kuli kozizira imayamba yathamanga, ndipo apa mpamene mlendo amachimwira koyamba. Akakokera ndodo pa Dr injini ikadali pamwamba, galimoto yonse imadumpha, gu! Dikirani itenthe, pondani moto pang'ono n'kusiya kuti mawu atsike, phazi pa buleki, kenako kokani ndodo. Mumva kagwedezo kakang'ono kumbuyo. Yagwira.

Tsono chimene chalowa m'malo mwa klatchi n'chiyani? Pakati pa injini ndi matayala pali chigoba chachitsulo chozungulira, chodzaza oyilo. Mkati mwake muli mawilo awiri okhala ndi zipsepse, oyang'anizana, osakhudzana. Mukatakasa madzi m'beseni ndi dzanja mozungulira, kambale koyandama pamwamba kamayamba kuzungulira nako ngakhale simunakakhudze. Ndi zomwezo. Wilo la ku injini limaponya oyilo, oyiloyo amakankha wilo linzake. Injini ikamalira pansipansi oyilo alibe mphamvu, ndiye mungathe kuima pa mphambano giya ili mkati injini osazima. Mukapatsa moto oyilo amalimba dzanja, galimoto n'kunyamuka. Nzeru imeneyi sidayambire pa galimoto. Mwini wake ndi injiniya wa ku Germany, Hermann Föttinger, amene adailembetsa mu 1905 akugwira ntchito pa kampani yokhoma sitima zapamadzi ya Vulcan mumzinda wa Stettin, umene lero uli m'dziko la Poland. Kampani ya Daimler ya ku Britain idaiika pa galimoto ndi mabasi ake kuyambira 1930, koma dalaivala ankasankhabe giya yekha.

Chigoba cha oyilocho chili ndi malire ake. Chimangopatsira mphamvu imene chalandira, sichiwonjezerapo. N'chifukwa chake Hydra-Matic ili ndi magiya anayi, ndipo yoyambayo ndi yotsika kwambiri: injini imazungulira pafupifupi kanayi kuti shafiti yopita kumatayala izungulire kamodzi. Mukanyamuka mwaulemu, giya yoyamba simukhalamo n'komwe. Musanadutse utali wa galimoto ziwiri kapena zitatu yachiwiri yalowa kale. Kenako pamabwera chimene aliyense woyendetsapo Hydra-Matic amakumbukira, kuchoka pa yachiwiri kupita pa yachitatu. Mawu a injini amagwa pafupifupi ndi theka, msana wanu umamva kugunda, khu, ndipo wokwera amene sanazolowere amatembenuka kuona ngati wina wakugundani kumbuyo. Yachinayi imalowa mwakachetechete, mwina liwiro lisanapitirire makilomita 35 pa ola.

Kugunda kumeneku si matenda, ndi chibadwa, ndipo chifukwa chake n'chokoma kuchimva. M'giyabokosi imeneyi magiya sasuntha kukalumana ndi anzawo monga zimakhalira mu manual. Mano ake amakhala olumana nthawi zonse. Muli magulu awiri oyendetsa galimoto kutsogolo, lina patsogolo lina pambuyo, ndipo gulu lililonse lili ndi giya yapakati, timagiya tating'ono toizungulira, ndi mphete ya mano amkati yokuta zonse. Gulu lililonse lingachite zinthu ziwiri zokha. Lamba wachitsulo akamanga mbali imodzi, gululo limachepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu. Lambayo akamasuka, mbale za klatchi zonyowa ndi oyilo n'kufinyana, gulu lonse limazungulira ngati chitsulo chimodzi. Pa giya yoyamba magulu onse awiri akuchepetsa. Pa yachiwiri lakutsogolo latsekeka, lakumbuyo likuchepetsabe. Pa yachinayi onse atsekeka. Koma pa yachitatu zimasinthana: lakutsogolo libwerere kukachepetsa pamene lakumbuyo likutsekeka. Ndiye kuti m'kamphindi kamodzi lamba mmodzi amange, mnzake amasuke, klatchi imodzi igwire, inzake isiye. Zinthu zinayi nthawi imodzi, popanda kompyuta yoziwerengera. Chimodzi chikachedwa pang'ono injini imakuwa yopanda katundu, chikafulumira magulu awiriwo amalimbana ndipo galimoto imagwedezeka. Wokonza amene amatha kufewetsa kusintha kumeneku, ameneyo ndiye makaniko.

Nanga imadziwa bwanji nthawi yosintha? Mulibe waya, mulibe sensa. Zonse ndi oyilo wopanikizidwa ndi pampu, woyenda m'tinjira tokumbidwa m'chitsulo. Kumchira kwa giyabokosi kuli kachipangizo kamene amakaniko amati gavana, kozungulira pamodzi ndi shafiti. Galimoto ikamathamanga, tizitsulo take timatayikira kunja n'kutsegulira oyilo wambiri, ndipo oyilo ameneyu amakankha mavalavu kuti giya ikwere. Mbali inayo kuli kandodo kochokera ku chopondera moto. Mukaponda kwambiri, kandodoko kamatsegulira oyilo wina wokankha mavalavu omwewo kuti giya isakwere. Kusintha giya kumachitika pamene mmodzi mwa awiriwa wagonjetsa mnzake.

Apa mpamene pali nkhani yanga yonse, omvera. Mmodzi mwa olimbana awiriwo ndi phazi lanu. Hydra-Matic idachotsa klatchi, koma dalaivala sidamuchotse ntchito, idangoisamutsa kuchoka ku phazi lamanzere kupita ku lamanja ndi ku khutu. Woidziwa amapatsa moto mpaka liwiro limene akufuna, n'kupepuza phazi pang'ono chabe, ndipo giya imakwera pomwepo, mofewa, chifukwa iye ndiye wailamula. Akafuna kuti ichedwe kusintha pokwera chitunda amasiya phazi lili lolemera. Akafuna kupitirira lole amaponda mpaka pansi, yachinayi n'kugwera pa yachitatu, V8 ija n'kubangula. Wosaidziwa amaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, ndipo giyabokosi imasokonezeka, kukwera, kutsika, kugunda, mpaka iye kunena kuti chinthuchi n'chakufa. Otomatiki yamasiku ano imabisa zolakwa za phazi lanu: kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini pa kamphindi kosinthira giya, inu osamva kanthu. Ya 1950 sibisa. Wokwera kumbuyo atatseka maso angadziwe ngati pachiwongolero pali katswiri kapena wophunzira.

Munthu amene adatsogolera ntchito yopanga giyabokosi imeneyi ndi Earl Thompson, injiniya wochokera ku Oregon. Ndipo inu a manual, musanamunyoze, dziwani kuti nanunso mumadya thukuta lake. Ndi iyeyu amene adapanga synchromesh, timphete timene timalinganiza liwiro la magiya kuti alowe osakukuta mano, ndipo Cadillac idayamba kuigwiritsa ntchito mu 1928. Isanabwere, kusintha giya kunali kuponda klatchi kawiri, kupatsa moto pakati, ndi kupemphera. Thompson sadakhutire. M'zaka za m'ma 1930 iye ndi kagulu kake adalimbana ndi giyabokosi yodzisintha yokha. Choyamba chimene chidatuluka, mu 1937, Oldsmobile idachitcha Automatic Safety Transmission, koma chinali chikadali ndi chopondera klatchi chonyamukira. Adachigulitsa zaka zochepa n'kuchisiya. Kumapeto kwa 1939, pa galimoto za chaka cha 1940, mpamene Hydra-Matic idafika, klatchi itachokeratu. Mtengo wowonjezera unali madola 57, pa galimoto imene yotsika mtengo kwambiri inali madola 800 ndi kanthu. Cadillac idatsatira mu 1941. Pamene America inkaimitsa kupanga galimoto za anthu wamba mu February 1942 chifukwa cha nkhondo, zinali zitagulitsidwa pafupifupi 200,000.

Nkhondoyo sidaigoneke. Akasinja a mtundu wa M5 Stuart, ndipo pambuyo pake M24 Chaffee, ankayenda ndi injini ziwiri za Cadillac V8, iliyonse ndi Hydra-Matic yake. Mnyamata wongochoka kumunda ankaphunzira kuyendetsa kasinja msanga poti panalibe za klatchi. Nkhondo itatha otsatsa malonda sadachedwe kulengeza kuti giyabokosi yawo yayesedwa pamoto. Koma pali china chimene ndimafuna onena za ulesi achimve. Anyamata ambiri adabwerako kunkhondo alibe mwendo, ena miyendo yonse. Mu 1946 boma la America lidakhazikitsa lamulo lowathandiza kugula galimoto, ndipo Oldsmobile idakonza zogwirira zapamanja zotchedwa Valiant, zoika pa galimoto za Hydra-Matic. Kwa munthu woteroyo kusowa kwa chopondera chachitatu kunali kusiyana kwa kupita kuntchito yekha ndi kudikira womunyamula.

Makampani ena adaona kuti msika wapita. Pontiac idailandira mu 1948. Lincoln, imene mwini wake ndi Ford, mdani wamkulu wa General Motors, idameza manyazi n'kumagula Hydra-Matic kuyambira 1949. Nash, Hudson ndi Kaiser nawonso ankagula. Ngakhale Rolls-Royce, anthu osathamangira za eni, adatenga chilolezo mu 1952 n'kumaipanga okha ku Crewe ku England, ndipo adakhala nayo zaka zambiri Amereka eni ake ataisiya.

Koma Buick, ngakhale inali ya m'banja lomwelo la General Motors, idakana. Akuluakulu ake sadafune kugunda kuja m'galimoto zawo, ndipo mu 1948 adatulutsa Dynaflow. Iyi ndi nyama ina. Chigoba chake cha oyilo chili ndi zipsepse zowonjezera zimene zimabweza oyilo kuti akankhenso kachiwiri, motero chimachulukitsa mphamvu ponyamuka. Ndicho chimene lero timati torque converter. Buick idadalira chimenechi chokha, moti pa D galimoto sisintha giya ngakhale kamodzi. Mukaponda moto injini imakwera mawu n'kukhazikika pamenepo, galimoto n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono mpaka kuipeza. Amene mumayendetsa tigalimoto ta CVT mukudziwa kamvekedwe kameneka. N'kosalala zedi, palibe wokwera angatayikire tiyi, koma petulo amapita, ndipo anyamata a nthawi imeneyo ankaiseka kuti imanyamuka ngati yamira m'matope. Chevrolet idabwera ndi Powerglide mu 1950, ya magiya awiri, imenenso poyamba inkanyamukira pa giya yapamwamba mpaka adaikonza mu 1953. Packard idapanga yakeyake, Ultramatic, mu 1949. Chrysler, kuyambira 1956, idachotseratu ndodo n'kuika mabatani kumanzere kwa chiwongolero, ndipo galimoto ya Edsel ya 1958 idawaika pakati penipeni pa chiwongolero, pamene dzanja limafunafuna hutala. Mungaganize nokha zimene zinkachitika mbuzi, kapena kuti kwawoko galu, ikadumphira mumsewu.

Mutandifunsa ine, pa zonsezi ndisankha Hydra-Matic ndi kugunda kwake komweko. Dynaflow imamusandutsa dalaivala wokwera wokhala kutsogolo. Hydra-Matic imayankha. Ndiponso pa giya yachinayi mbali yaikulu ya mphamvu imadutsa m'zitsulo osati mu oyilo, ndiye paulendo wautali simwa mafuta mopitirira kwambiri inzake ya klatchi. Oldsmobile 88 inali thupi lopepuka lovekedwa injini yatsopano ya mahatchi 135 yotchedwa Rocket, ndipo mu 1949 ndi 1950 inkasesa mipikisano ya galimoto ya NASCAR. Mbiri yake idafika mpaka m'nyimbo: mu 1951 Jackie Brenston ndi gulu la Ike Turner adajambula ku Memphis nyimbo yotchedwa Rocket 88, imene ambiri amaiwerengera m'gulu la nyimbo zoyambirira za rock and roll.

Tibwerere pamsewu, chifukwa kutsogoloku kuli chitsikiro chachitali. Mabuleki a galimotoyi ndi a ng'oma matayala onse anayi, opanda chothandizira, ndipo paipi ya mafuta a buleki ndi ya njira imodzi, ikabooka pena paliponse mabuleki onse apita. Mabuleki a ng'oma akatentha amafooka. Mumaponda, chopondera n'cholimba bwinobwino, koma galimoto yolemera kuposa tani imodzi ndi theka ikungopita. Pa Dr giyabokosi ili pa yachinayi ndipo injini sigwira kwenikweni. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro musanayambe kutsika, n'kukokera ndodo pa Lo, pamene galimoto imakhala pa giya yoyamba ndi yachiwiri yokha. Pakati palibe, pa ya 1950. Mu 1952 mpamene adawonjezera malo achiwiri a Drive ogwira giya yachitatu, n'kuitcha Dual-Range, ndipo oyenda m'mapiri adapuma.

Koma samalani dzanja pokoka ndodoyo. Kumbukirani mndandanda uja: N, Dr, Lo, R. Woyandikana ndi Lo ndi rivesi, pakati palibe N. Adaikapo kachotchinga, kuti mulowe R muyenera kukokera ndodo kwa inu kaye, koma kachotchinga kamatha ndi zaka, ndipo dzanja la munthu wodzidzimuka silimva kachotchinga. Taganizani munthu amene kunyumba ali ndi Ford, imene pansi penipeni pa mndandanda pali Lo, lero wabwereka Oldsmobile ya mlamu wake. Kapena wina amene akuganiza kuti walowa R koma ndodo yaima pa Lo, watembenuzira khosi kumbuyo, wapatsa moto, galimoto n'kulowa m'khoma lakutsogolo. Ngozi zotere zidachitika, ndipo loya Ralph Nader adadzudzula mndandanda umenewu m'buku lake la 1965 lotchedwa Unsafe at Any Speed. Pofika 1968 lamulo la boma la America lidayamba kugwira ntchito lonena kuti pakati pa giya yopita kutsogolo ndi yobwerera m'mbuyo pazikhala N. Zilembo zimene dzanja lanu lidaloweza lero zija zidakhazikika motero, anthu atavulala kaye.

Rivesi yeniyeniyo pa Hydra-Matic zoyambirira imalowa ndi dzino lachitsulo logwira mphete ya mano, ndiye galimoto iyenera kuima ndithu, injini ili pansi. Eni ake ankaphunzitsana kuima kamphindi pa Lo asanapitirire ku R, kuti zamkati zileke kuzungulira. Mukathamangira mumva kukukuta kumene kumapweteka mpaka m'mano mwanu. Kuyambira 1951 adaikamo klatchi m'malo mwa dzinolo ndipo vutoli lidachepa.

Wina akadzakuuzani kuti ali ndi Cadillac ya 1953 yokhala ndi Dynaflow ya Buick, musafulumire kunena kuti amakaniko adaisokoneza. Pa 12 August 1953 fakitale ya Hydra-Matic ku Livonia, m'chigawo cha Michigan, idapsa yonse. Moto udayamba ndi nthethe za chowotcherera zitsulo zimene zidagwera m'mafuta oteteza dzimbiri, denga la phula lidagwira, ndipo nyumba yaikulu yatsopano idagwa, anthu ena n'kutaya miyoyo. Fakitale yopanga giyabokosi imeneyi inali imodzi yomweyo. Kwa miyezi ingapo Cadillac ndi Oldsmobile zinkatuluka ndi Dynaflow, Pontiac ndi Powerglide. General Motors idathamangira ku Willow Run, fakitale imene Ford ankapangiramo ndege zankhondo za B-24 ndipo panthawiyo inali m'manja mwa Kaiser, ndipo chaka chisanathe Hydra-Matic idayambanso kutuluka. Lero osunga galimoto zakale amazisakasaka galimoto za miyezi imeneyo chifukwa cha kusowa kwake.

Kusunga galimoto yotere kumafuna munthu wosatopa ndi zazing'ono. Oyilo amayezedwa injini ikulira, itatentha, galimoto ili pamalo athyathyathya. Akachepa pampu imayamwa mpweya ndipo magiya amaterereka, akachuluka amachita thovu, mapeto ake ndi omwewo. Oyilo wonunkha chopserera akukuuzani kuti mbale za klatchi zikutha. Malamba aja amafuna kumangidwa nthawi ndi nthawi, ntchito imene amakaniko ambiri a lero sadaionepo. Kandodo kaja kochokera ku chopondera moto kakapindika kapena wina akakasuntha pokonza injini, giyabokosi yabwinobwino imayamba misala, ndipo ambiri adatsitsa giyabokosi yolemera yachitsulo pomwe vuto linali kandodo kofuna sipanala imodzi. Oyilo amene General Motors idakhazikitsa mu 1949 ankatchedwa Type A, ndipo mwina mudabwa kumva kuti oyilo wa otomatiki wa nthawi imeneyo ankasakanizamo mafuta a anangumi, nyama zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, chifukwa ankapirira kutentha. Zidatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pamene America idaletsa malonda a zinthu zochokera ku anangumi. Lero eni galimotozi ambiri amathira Dexron, dzina limene lidayamba mu 1967.

Pali chinthu chimodzi chimene nkhalambayi imaposa nacho zidzukulu zake. Aliyense amadziwa kuti otomatiki batire likafa sukankha, umasaka mawaya ndi galimoto ina. Chifukwa chake n'chakuti pampu ya oyilo imayendetsedwa ndi injini, ndiye injini ikazima mulibe mphamvu yomanga lamba kapena kufinya klatchi, matayala ndi injini sizidziwana. Hydra-Matic yakale ili ndi mapampu awiri, ndipo yachiwiriyo ili kumchira, imayendetsedwa ndi matayala. Galimoto ikamayenda, ngakhale injini ili zii, oyilo amapanikizika. Ndiye imalira pokankha. Kungoti liwiro lofunika ndi la makilomita 30 pa ola kapena kuposerapo, limene anyamata anayi pamsewu wathyathyathya sangalifike. Pamafunika chitsikiro, kapena galimoto ina yokankha kumbuyo, bampala kwa bampala, ndipo mabampala a nthawi imeneyo anali zitsulo zenizeni zopirira ntchito yotero. Mumayamba muli pa N, kiyi ali wotsegula, liwiro likakwana n'kukokera ndodo mu giya. Kukoka ndi chingwe ankaletsa, poti injini ikadzuka galimoto imalumphira amene akukukokaniyo. M'zaka za m'ma 1960 makampani adachotsa pampu yachiwiriyo kuti achepetse mtengo, mabatire a mavoti 12 atayamba kudalirika.

Hydra-Matic ya mtundu woyambawu idayamba kulowedwa m'malo mu 1956, pamene idatuluka ina yosalala, imene Oldsmobile inkaitcha Jetaway, ndipo imeneyo ndiyo idabweretsa P. Mu 1964 kudabwera Turbo Hydra-Matic ya magiya atatu ndi torque converter, njira imene pafupifupi aliyense adatsata pambuyo pake. Oldsmobile yeniyeniyo idatsekedwa mu 2004.

Tafika, tiimike. Popeza P palibe, mwambo wake ndi uwu. Imani ndi buleki, kokani handibuleki, zimitsani injini, kenako kokerani ndodo pa R. Injini ikazima oyilo amasiya kupanikiza, dzino lija limalowa m'mano ndipo matayala akumbuyo amamangika. Mukaisiya pa N kapena pa Dr, palibe chogwira galimoto kupatula handibuleki, ndipo chingwe cha handibuleki cha zaka zoposa 70 si chinthu chochikhulupirira pachitunda. Vuto limadza m'mawa. Sitata salira pokhapokha ndodo ili pa N, ndiye kuti mulize injini muyenera kuyamba mwaimasula galimoto, phazi lili pa buleki yopanda chothandizira. Ngati mudaimika pamalo otsetsereka n'kulola kulemera konse kwa galimoto kutsamira dzinolo, ndodo imakana kutuluka pa R, ndipo muyenera kupeza anthu okankhira galimoto kumtunda pang'ono kuti imasuke. N'chifukwa chake handibuleki imayamba, R n'kutsatira, ndipo matayala akutsogolo muwakhotetsere kumphepete kwa msewu.